Makwerero a chiphaso cha wailesi ya ham: masitepe amene America inadula, ndi limene ife a ku Malawi tiyenera kuliyang'anitsitsa

Mwana wa mchemwali wanga, amene amakhala ku Area 25, anagula karojaroja ka Baofeng kwa mnzake wooda katundu ku China. Loweruka lina masana anatulukira nako kwathu ku Biwi, atakatchaja mpaka kudzadza, kaeriyo kali njo. "Malume, akuti ndi kameneka munthu utha kulankhula ndi anthu a ku Japan." Tinakhala pakhonde n'kuyamba kupotokola, kuchokera pa 144 mpaka pa 146 MHz (muyezo wa mafunde a wailesi), kubwerera, kupitanso. Chimene tinamva ndi mkokomo wokhawokha, ngati mvula ikugwa pamalata patali. Mnyamata anandiyang'ana ngati ndine ndakalodza.

Ndinamuuza zinthu ziwiri. Choyamba, kuti asayerekeze kudina batani lolankhulira alibe chiphaso. Chachiwiri, kuti ngakhale atakhala ndi chiphaso m'thumba, kachipangizo kameneko sikangamufikitse ku Japan, ngakhale ku Mzuzu kumene. Mfundo ziwirizi zimaoneka zosiyana, koma mkangano wonse wa magulu a ziphaso za amateur radio, umene wadya zaka zambiri m'mayiko ena, wagona pamene ziwirizi zakumana.

Tiyambe ndi chinthucho. Amateur radio, kapena kuti ham mwa chidule, si wailesi youlutsa nyimbo ndi nkhani ngati MBC kapena Zodiak. Ndi anthu wamba, aphunzitsi, amakanika, ana asukulu, opuma pantchito, amene boma lawalola kugwiritsa ntchito zigawo zina za mafunde a wailesi polankhulana okhaokha, kuphunzira ndi kuyesa luso, popanda kupangirapo ndalama. Malamulo akuluakulu amachokera ku ITU, bungwe la mayiko onse loona za mafunde lomwe likulu lake lili ku Geneva, ndipo dziko lililonse limaika ake pamwamba pa amenewo. Kuno kwathu woyang'anira mafunde ndi MACRA. Aliyense wopatsidwa chiphaso amalandira dzina loitanira la zilembo ndi manambala, ndipo la ku Malawi limayamba ndi 7Q, monga la ku South Africa limayambira ndi ZS ndipo la ku Zambia ndi 9J.

Nanga mayeso ndi a chiyani, pamene foni ya m'manja nayo ndi wailesi koma palibe amene analembapo mayeso kuti aigwire? Foni inayesedwa kale kufakitale, ndipo mwini wake sangaisinthe mphamvu kapena kuisunthira pa mafunde ena. Ham amaloledwa kudzipangira yekha chipangizo chotumizira mawu, kuchimasula, kuchiwotcherera, kuchiwonjezera mphamvu, kumanga eriyo yakeyake. Choncho boma siliyesa chipangizo, limayesa munthu. Likufuna kudziwa ngati munthuyo angazindikire kuti wailesi yake ikutayikira m'mafunde a ndege zotera ku Lumbadzi, ngati akudziwa kuti mlongoti suimikidwa pafupi ndi mawaya a magetsi, ngati akudziwa pamene malire a gawo lake athera.

Pali chinthu china choti chimveke tisanafike pa makwerero. Mafunde sayenda mofanana. A pamwamba pa 30 MHz, otchedwa VHF ndi UHF, amayenda molunjika ngati kuwala kwa tochi: chitunda chikatchinga, basi. Karojaroja ka mawati 5 kamafika makilomita ochepa mumzinda, pokhapokha pakhale chipangizo cholandira ndi kubwereza mawu, ripita, choikidwa pamalo okwera ngati phiri la Dedza kapena la Nkhoma. Mafunde a pakati pa 3 ndi 30 MHz, a HF, ndi aja a SW amene agogo ankasaka usiku pa wailesi ya mabatire. Amenewa amakwera kumwamba, n'kukagunda mpweya wa m'mwamba umene dzuwa laupatsa mphamvu yamagetsi, n'kubwerera pansi kutali, nthawi zina tsidya la nyanja zamchere. Uko n'kumene kuli Japan wa mwana wa mchemwali wanga. N'chifukwa chake m'mayiko ambiri HF ndiyo inali nyama ya m'ndiwo, yosungidwira okwera pamwamba pa makwerero.

Masitepe asanu ndi limodzi

Ife makwerero otere timawadziwa. Kalipentala kapena makanika amayamba ndi Grade 3 ya trade test, kenako 2, kenako 1. Woyendetsa galimoto yaing'ono salumphira pa thiraki ya ngolo osabwereranso ku Road Traffic. Ziphaso za ham zinamangidwa ndi nzeru yomweyo: ukadziwa zambiri, upatsidwa malo okulirapo ndi mphamvu yochulukirapo.

Ku America, kumene bungwe loyang'anira limatchedwa FCC, makwererowa anatalika mpaka kufika masitepe asanu ndi limodzi: Novice, Technician, Technician Plus, General, Advanced ndi Amateur Extra. Kuti munthu afike pamwamba ankadutsa mayeso olemba asanu ndi mayeso a Morse a liwiro lokwerakwera. Sikuti wina anakhala pansi tsiku limodzi n'kujambula zimenezi. Zinkangowonjezekera ngati nyumba ya m'Kawale imene chaka chilichonse imamera chipinda. Novice, Technician ndi Extra zinabadwa mu 1951. Mu 1991 anatsegula khomo la Technician lopanda Morse, ndipo amene anali Technician wodziwa Morse anayamba kutchedwa Technician Plus.

Pakati pa zaka zimenezi panachitika chinthu chimene akuluakulu a kumeneko sanachiiwale. Mu 1968 FCC inayamba kugwiritsa ntchito ndondomeko yofuna kukankha anthu kuti azikwera. Njira yake inali yolanda: zigawo zina za HF zimene a General ankazigwiritsa ntchito mwaufulu zinapatulidwa kuti zikhale za Advanced ndi Extra okha. Munthu amene dzulo ankacheza ndi anzake pamalo ena anadzuka n'kupeza kuti pamalopo pamangidwa mpanda, ndipo kuti abwererepo ayenera kukalembanso mayeso. Anthu anawawidwa mtima kwambiri, ndipo mkwiyo wina unagwera ARRL, bungwe lawo lomwe la ma ham limene linakhazikitsidwa mu 1914, chifukwa ndilo linalimbikitsa ganizolo. Kulanda munthu munda umene walima kale kuti alimbikire, kulikonse kumabala chidani.

Koma mpanda weniweni unali Morse.

Morse ndi kulemba zilembo ndi kulira kwakufupi ndi kwakutali. A ndi di-da, N ndi da-di, S ndi di-di-di. Liwiro amaliyeza ndi mawu pa mphindi, ndipo liwu limodzi amaliwerengera ngati zilembo zisanu. Novice ankafunika mawu 5 pa mphindi, General ndi Advanced 13, Extra 20. Ndiye kuti zilembo 25, 65 ndi 100 pa mphindi imodzi. Pamapepala kusiyanaku kumaoneka ngati nkhani yongolimbikira, koma aliyense amene anayesapo amadziwa kuti si choncho. Ine ndinaphunzira ndi supuni, kugogoda patebulo, mkulu wina wokonza mawailesi akundiwerengera. Pa liwiro la 5 umatha kuwerenga m'mutu: kawiri kakufupi, kamodzi kakutali, eya, ameneyo ndi U. Ukayandikira 10, kuwerengako kumakutaya. Uli mkati moganiza chilembo choyamba, chachitatu chadutsa kale. Pamenepo umayenera kusiya kuwerenga n'kuyamba kumva chilembo chonse ngati liwu limodzi, monga wovina gule samawerenga kugunda kwa ng'oma koma amangodziwa kuti mbalule yanena chiyani. Anthu ambiri, ena mwa iwo mainjiniya odziwa zamagetsi kuposa owayesawo, anakakamira pamenepa zaka ndi zaka. Mayeso a 13 sankayesa ngati munthu angasokoneze ndege. Ankayesa khutu ndi kupirira.

Lamuloli silinali lopanda mutu pachiyambi. Sitima zapanyanja zinkaitana thandizo pa Morse, ndipo kuyambira ngozi ya Titanic mu 1912 mayiko anaumitsa malamulo a wailesi. Ham wosokoneza uthenga wa sitima yomira anayenera kumva akamuuza kuti akhale chete. Ndiye ITU inalamula kuti aliyense wofuna kutumiza mawu pa mafunde a pansi pa 30 MHz asonyeze kuti amatha Morse. Koma pa 1 Febuluwale 1999 sitima zikuluzikulu zinasamukira kotheratu ku njira yatsopano yoitanira thandizo yodalira masetilaiti ndi zipangizo za digito. Chifukwa chenicheni cha lamulo chinafa, lamulo n'kutsala.

Zimene zinasintha mu 2000

Kumapeto kwa Disembala 1999 FCC inalengeza chigamulo chake, ndipo chinayamba kugwira ntchito pa 15 Epulo 2000. Masitepe asanu ndi limodzi anatsala atatu: Technician, General ndi Amateur Extra. Mayeso olemba anatsika kuchoka pa asanu kufika pa atatu. Mayeso a Morse anatsala amodzi okha, a mawu 5 pa mphindi, ngakhale kwa Extra. Sakanatha kuwachotseratu chifukwa pangano la mayiko linali likadalipo, choncho anangowatsitsa mpaka pansi penipeni.

Chimene ine chimandichititsa chidwi si kudulako, koma mmene anasamalira anthu amene anali ataima kale pa masitepe odulidwawo. Phunziro la 1968 linali litalowa. Palibe amene analandidwa kanthu. Novice ndi Advanced anasiya kuperekedwa kwa anthu atsopano, koma amene anali nazo analoledwa kuzisunga ndi kumazikonzanso zikatha, ndipo mpaka lero alipo a Advanced amene amakana kukwera, ena ponyadira kuti chiphaso chawocho ndi umboni wakuti anakhoza Morse ya 13. A Technician Plus anabwerera ku dzina la Technician koma kagawo kawo ka HF sanawalande. Komabe FCC inakana kukweza anthu mwaulere. Advanced sanasanduke Extra pongogona n'kudzuka, anayenera kukalemba.

Panali kagulu kamodzi kamene kanapeza mwayi. Amene anatenga Technician isanafike 21 Malichi 1987 anali atalemba mayeso ofanana ndi a General, komanso Morse ya 5. Pansi pa malamulo atsopano zimenezo zinali zokwanira, ndiye iwo anangopita ndi mapepala awo akale kwa oyesa n'kutuluka ali General osayankha funso ndi limodzi lomwe. Kusunga malisiti kumathandiza.

Mu 2003 msonkhano wa ITU ku Geneva unasintha gawo 25 la malamulo ake n'kusiyira dziko lililonse kuti lidzisankhire ngati likufuna mayeso a Morse. Britain inawachotsa chaka chomwecho. America inazengereza mpaka pa 23 Febuluwale 2007. Akuluakulu ena analira kuti mafunde adzadza ndi anthu osaleredwa, koma Morse yeniyeniyo sinafe. Tsegulani kumunsi kwa 14 MHz tsiku la mpikisano wa ma ham mumve mmene kumalirira. Anthu akuiphunzirabe chifukwa imadutsa pamene mawu a pakamwa alephera, ndi mphamvu yochepa kwambiri.

Lero kukwera makwerero a ku America kuli motere. Technician ndi mafunso 35, ukhoze 26. General ndi 35 enanso, ukhoze 26. Extra ndi 50, ukhoze 37. Onse ndi osankha yankho pa anayi. Mafunso amatengedwa m'nkhokwe imene imasindikizidwa poyera, mayankho ake omwe, ndipo nkhokwe iliyonse imakonzedwanso pakatha zaka zinayi. Palibe kudikira: munthu atha kulemba onse atatu tsiku limodzi ngati mutu ukumulola, bola atsate ndondomeko yake. Oyesa si antchito a boma. Kuyambira mu 1984 ntchitoyi imagwiridwa ndi ma ham ongodzipereka, atatu pa mayeso alionse, ndipo boma limangolandira zotsatira n'kupereka chiphaso cha zaka khumi. Kuyambira mu 2022 FCC imalipiritsa madola 35 pa chiphaso chatsopano.

Za nkhokwe yapoyerayo anthu amatsutsana. Ena amati ndi kuloweza chabe, ngati mwana wa Fomu 4 amene wadya mapepala a mayeso akale osamvetsa kanthu. Pali choonadi pamenepo. Koma ine ndimaona kuti chiphaso choyamba ndi chilolezo choyambira kuphunzira, ndipo za eriyo munthu amazidziwa atadula waya molakwika kawiri.

Kodi ukakwera umapeza chiyani? Technician amapatsidwa mafunde onse a ham a VHF ndi UHF, koma pa HF amangolawitsidwa: mawu a pakamwa pa kagawo ka 28.300 mpaka 28.500 MHz, ndi Morse pa tizigawo tina. General ndiye amatsegulirwa zigawo zonse za ham za HF, ngakhale kuti si m'mbali zonse za chigawo chilichonse. Pa mafunde a 14 MHz, mwachitsanzo, General amalankhula kuyambira pa 14.225, pamene Extra amayambira pa 14.150. Kusiyanako n'kochepa pamaso, koma kumunsiko n'kumene masiteshoni osowa amakonda kukhala, ndipo 7Q ndi imodzi mwa osowawo.

Apa m'pamene ndimaona kuti ntchito ya 2000 inatsala theka. America ili ndi ma ham oposa 700,000, ndipo pafupifupi theka lawo ndi a Technician. Ambiri amakhoza, amagula karojaroja, amalankhula pa ripita ya m'tauni mwawo miyezi ingapo, n'kukaponya m'dirowa. Sanalaweko chimene chimakoka munthu, kumva dzina lako loitanira likubwerezedwa ndi munthu wa kutsidya kwa dziko. ARRL yomwe inaliona vutoli, ndipo mu 2018 inapempha FCC kuti iwonjezere malo a Technician pa HF.

Britain inayenda njira ina. Mu 2002 inayambitsa chiphaso cha Foundation, pansi pa Intermediate ndi Full. Nawonso ndi masitepe atatu, koma chosiyanitsa chachikulu si malo, ndi mphamvu. Woyamba kumene analoledwa kulowa m'zigawo zambiri za HF tsiku loyamba lomwe, koma ndi mawati 10 okha, Intermediate 50, Full 400. Mu 2024 Ofcom, bungwe loyang'anira mafunde kumeneko, inakweza manambalawa kufika pa 25, 100 ndi 1,000. Nzeru yake ndi yakuti mwana umamulowetsa m'munda womwewo ndi akulu, koma umamupatsa kakhasu kakang'ono. Akalakwitsa, kuwononga kwake n'kochepa. Akamva kuti mnzake wa mawati 100 akuyankhidwa msanga kuposa iye, palibe womuuza kuti akalembe mayeso otsatira. Anawonjezeranso mu 2023 mayeso amodzi olumphira ku Full, poganizira anthu amene zamagetsi anaziphunzira kale kukoleji. Anansi athu a ku South Africa ali ndi magulu awiri, A ndi B, ndipo mayeso amayendetsedwa ndi bungwe la ma ham la SARL m'malo mwa ICASA, yomwe ndi MACRA ya kumeneko, kawiri pachaka, mu Meyi ndi Okutobala.

Tikabwera nazo kuno

Ma ham a ku Malawi ndi ochepa kwambiri, moti alendo amachita kukwera ndege ndi zipangizo zawo kudzamanga maeriyo m'mbali mwa nyanja kwa sabata ziwiri, dziko lonse n'kumaimirira pamzere kuti lilankhule ndi 7Q. Chinthu chimene anthu akunja amachilipirira tikiti ya ndege, mwana wa ku Area 25 ali nacho pakhomo.

Ndiye funso la makwerero kwa ife silofanana ndi la ku America. Kumeneko chiphaso choyamba cha VHF chili ndi tanthauzo chifukwa tauni iliyonse ili ndi maripita ndi anthu oyankha. Kuno munthu amene wapatsidwa VHF yokha wapatsidwa foni m'mudzi mopanda netiweki. Aitana, aitananso, ayankhidwa ndi mkokomo uja tinaumva pakhonde. Sitepe yoyamba imene ingagwire ntchito ku Lilongwe ndi ya mtundu wa Britain: HF kuyambira tsiku loyamba, mphamvu yochepa. Mawati 10 amachokera mu batire ya galimoto yotchajidwa ndi sola. Eriyo ya 14 MHz ndi mawaya awiri a mamita asanu asanu, omangidwa pakati pa mtengo wa mango ndi nsungwi yaitali. Ndipo pali njira ya digito yotchedwa FT8, imene inatuluka mu 2017 ndipo mmodzi mwa oipanga ndi Joe Taylor, wasayansi amene analandira mphoto ya Nobel mu 1993. Imeneyi imatola uthenga wofooka umene khutu silingaumve n'komwe, moti mawati ochepawo amafika ku Europe popanda vuto. Pamwamba pathu palinso setilaiti ya QO-100, yomwe inakwezedwa mu 2018 ndipo imaima malo amodzi kumwamba, Africa yonse ili m'maso mwake.

Za mphamvu yochepazi si zosewera chabe. Namondwe Freddy atagwetsa milongoti ndi kudula misewu kum'mwera mu Malichi 2023, madera ena anakhala osamveka. Mafunde a 7 MHz, ukayala eriyo chapansipansi, amakwera molunjika n'kugwa ngati mvula pa dera la makilomita mazana angapo, osasamala za mapiri. Munthu wa ku Phalombe ndi wa ku Lilongwe atha kumvana popanda mlongoti wa kampani iliyonse pakati. Koma luso limenelo silipezeka tsiku la tsoka. Liyenera kukhala m'manja mwa anthu amene akhala akuliseweretsa Loweruka lililonse.

Chachiwiri chimene ndingatole ndi cha oyesa. Makwerero ngakhale akhale okongola bwanji, ngati palibe malo ndi tsiku lodziwika lolembera mayeso, ndi makwerero ojambula pakhoma. Njira ya oyesa ongodzipereka imachotsa mtolo paboma, koma imafuna kuti pakhale kaye anthu okwanira a pamwamba oti ayese anzawo, ndipo pamenepa dziko la ma ham ochepa limazungulira ngati galu wothamangitsa mchira wake. Mayeso a pa intaneti, amene Britain ndi America anawakulitsa m'nthawi ya Covid mu 2020, oyesa akuyang'anira pa kamera, amadula mfundo imeneyi. Ndipo sitepe yapamwamba ndi bwino ifanane ndi muyezo umene mayiko ena amauvomereza, monga HAREC imene South Africa imatsata, kuti chiphaso chikawoloka malire chisasanduke pepala wamba. Masitepe awiri kapena atatu, zilibe kanthu kwenikweni. Asanu ndi limodzi ayi.

Mwana wa mchemwali wanga anabweranso patatha milungu itatu, ulendo uno ndi laputopu ndi kachipangizo kolandirira mafunde kooneka ngati fulashi. Tinamanga waya kuchokera pa mtengo wa mapeyala mpaka pa mpanda, mamita khumi mbali iliyonse, wa 7 MHz. Chakumadzulo tinayamba kusaka, koma phokoso la matchaja, ma TV ndi mababu a m'nyumba zoyandikana linali litaphimba zonse. Cha m'ma 6 koloko magetsi anathima dera lonse. Anthu kuseri kwa mpanda anadandaula mokweza, wina n'kuyamba kukoleza mbaula. Pa laputopu phokoso lija linagwa pansi ngati madzi aphwa, ndipo pa 7.1 MHz panatulukira mawu a bambo wina wachikulire akuitana pang'onopang'ono, kutchula dzina lake loyamba ndi ZS6, kenako n'kudikira.

Mnyamata anagwira karojaroja kake kaja, n'kukabwezanso patebulo. "Malume, ndiye akudikira ndani?"

"Aliyense amene ali ndi chiphaso."

Bambo uja anaitananso kachiwiri. Amene anamuyankha anali wa 9J.